Mmene mungayezere kuwonongeka kwa msewu wa tala ndi kamera kuno ku Harare

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi kuno ku Mufakose, bambo ena achikulire a m'bungwe lathu la maliro, amene makolo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafakitale a mzinda uno, anandiitanira pambali n'kundionetsa foni yawo. Munali zithunzi zambirimbiri za maenje a mumsewu umene umadutsa pakhomo pawo, ena odzaza madzi, ena okwiriridwa ndi zidutswa za njerwa. "Mwanangu," anatero, "paja iwe unaphunzira zoyeza malo. Tikufuna tipite nazo zithunzizi kwa akuluakulu oona za misewu. Kodi zakwana?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, zithunzizi zikuonetsadi kuti msewu watha, koma injiniya akazilandira adzakufunsani kuti wawonongeka mamita angati, kuyambira pati kukafika pati, ndiponso kuti chaka chatha unali bwanji. Mafunso amenewo zithunzizi sizingayankhe."

Kuchokera tsiku limenelo ine ndi anyamata atatu a mumpingo tinayamba kuyeza misewu ya m'dera lathu ndi foni yomangirira kumbuyo kwa pikapu, ndipo ndikufuna kufotokoza njira imene timatsata kuti abale a ku Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Highfield ndi kwina konse athe kuchita chimodzimodzi. Chithunzi chimasanduka muyeso pokhapokha chikakhala ndi sikelo yodziwika (ndiko kuti mukudziwa kuti gawo lililonse la chithunzi likuimira muyeso wanji pansi), malo odziwika ndi tsiku lodziwika, komanso chikatengedwa m'njira yoti munthu angaibwereze ndendende pakatha miyezi 6. Mu Febuluwale 2021 boma la Zimbabwe linalengeza kuti misewu ya m'dziko muno ili pa ngozi, ndipo ntchito yokonza misewu mwachangu inayambika, komabe ndalama zimene ZINARA, bungwe la boma losunga ndalama za misewu, imatolera m'mageti a pamsewu ndi m'malaisensi a galimoto sizingafike paliponse nthawi imodzi. Amene amalemba bajeti amawerengera masikweya mita ndi matani a phula, choncho dera limene labwera ndi manambala limakhala litawachepetsera theka la ntchito.

Muyambe ndi kudziwa chimene mukufunafuna

Anthu ambiri akamati msewu wawonongeka amanena maenje, koma dzenje ndi mapeto a matenda amene anayamba kale. Misewu yambiri ya m'malokeshoni athu ili ndi chikhungu chopyapyala cha phula ndi timiyala chimene chinayalidwa pamwamba pa dothi lotsindiridwa, ndipo mphamvu ya msewu ili m'dothi limenelo malinga ngati likhala louma. Phula likakalamba ndi dzuwa limauma n'kuyamba kung'aluka, mvula ya Novembala mpaka Malichi imalowa m'ming'alumo, dothi lapansi limafewa, ndiye tayala lililonse likapondapo limatsindikiza madziwo n'kutulutsa matope pamwamba mpaka chikhungucho chitabooka. Katundu wolemera amafulumizitsa zonsezi modabwitsa. Kafukufuku wotchuka wa AASHO, amene anachitikira ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America kuyambira 1958 mpaka 1960, anasonyeza kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake msewu wa m'lokeshoni umene malole a njerwa kapena a mchenga ayamba kudutsamo pothawa msewu waukulu umatha m'dzinja limodzi lokha.

Choncho kamera yanu iyenera kugwira zizindikiro zoyambirira. Pali ming'alu yoyenda motsata msewu ndi ina youdula mopingasa. Pali ming'alu yolukanalukana ngati chikopa cha ng'ona, imene kawirikawiri imaoneka m'mene mumadutsa matayala, ndipo imeneyi ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa imanena kuti dothi lapansi latopa. Pali kuyoyoka kwa timiyala, pamene msewu umaoneka wotuwa ndi wokhakhala, palinso kutuluka kwa phula pamwamba, pamene msewu umada n'kumanyezimira ndi kuterera mvula ikagwa. Kenaka pali kugumuka kwa m'mphepete, kumene kumachuluka pamalo pamene makombi amaima kukweza anthu, ndi zigamba zakale, zimene nazonso ziyenera kuwerengedwa popeza chigamba ndi umboni wakuti pamalopo panavutapo kale. Mainjiniya a kum'mwera kwa Africa amagwiritsa ntchito kwambiri buku la ku South Africa lotchedwa TMH9, limene limapatsa vuto lililonse manambala awiri, ina yosonyeza kukula kwa vutolo ndi ina yosonyeza mmene lafalikira, zonse mpaka pa 5. Ku America kuli muyezo wa ASTM D6433 umene umapereka nambala ya PCI kuyambira 0, msewu wotheratu, mpaka 100, msewu wabwinobwino. Ife tinasankha TMH9 chifukwa ndi chilankhulo chimene injiniya wa kuno amamva msanga, ndipo ndikulangizani kuti musankhe njira imodzi n'kukhala nayo osasinthasintha.

Kamera ndi pomangirira pake

Makampani akuluakulu ali ndi galimoto zokhala ndi makamera ndi ma laser, monga chipangizo cha LCMS chochokera ku Canada, chimene chimayeza msewu wa mamita 4 m'lifupi galimoto ikuthamanga mpaka makilomita 100 pa ola. Ife sitingafikeko, koma foni imene imajambula vidiyo ya 4K ndi yokwanira pa ntchito ya m'dera. Masamu ake ndi osavuta. Chithunzi cha 4K chili ndi ma pixel (timadontho ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi) 3840 m'lifupi, ndipo mbali imodzi ya msewu imakhala pafupifupi mamita 3.5, choncho mukaimika kamera moti ione mamita 3.8 m'lifupi, pixel iliyonse imaimira milimita imodzi ya pansi. Kuti mng'alu uoneke bwino umafunika ma pixel awiri kapena atatu, ndiye kuti mudzagwira ming'alu ya mamilimita 3 kupita m'tsogolo, imene ndi yokwana kale kulowetsa madzi. Mukajambula pa 1080p, pamene ma pixel ndi 1920 okha, ming'alu yaing'onoyo idzasowa ndipo msewu udzaoneka wabwino kuposa mmene ulili.

Pomangirira pafunika chidwi chachikulu kuposa foni yeniyeniyo. Poyamba tinagwiritsa ntchito kachipangizo komata pagalasi lakutsogolo, ndipo titayenda pang'ono kanaweramira pansi osadziwa ife, moti zithunzi za kumayambiriro kwa msewu ndi za kumapeto zinali ndi sikelo zosiyana, tsiku lonse linapita pachabe. Galasi nalonso limabweretsa kunyezimira ndi fumbi. Tinapita ku Siyaso ku Mbare kwa wowotcherera zitsulo, amene anatipangira mkono wachitsulo womangidwa ndi mabawuti pa kaliyala wa pikapu, wotuluka kumbuyo pafupifupi mita imodzi, ndipo foni imakhala kunsonga kwake mamita oposa pang'ono 2.5 kuchokera pansi, itayang'ana pansi. Pakati pa chitsulo ndi chogwirira foni tinaikapo zidutswa za chubu chakale kuti zichepetse kunjenjemera. Kamera ikayang'ana pansi molunjika, sikelo imakhala pafupifupi yofanana pachithunzi chonse, ndiponso simujambula nkhope za anthu kapena manambala a galimoto zawo. Ngati simungathe kuiloza pansi kwenikweni, ipendeketseni pang'ono, koma mudzagwiritse ntchito gawo lapafupi lokha la chithunzicho, pakuti kutali pixel imodzi imaimira masentimita angapo.

Mu foni muzimitse zonse zimene zimadzisintha zokha. Pulogalamu yaulere ya Open Camera pa mafoni a Android imalola kutseka focus (mtunda umene kamera imaona bwino) pa mtunda umodzi ndi kusankha nokha liwiro la shutter (nthawi imene kamera imatseguka potenga chithunzi chilichonse), ngati foniyo ikuvomereza. Muzimitsenso chimene chimachepetsa kugwedera kwa vidiyo, chifukwa chimadula ndi kusuntha chithunzi mwakachetechete, zimene zimawononga sikelo. Musagwiritse ntchito diso la kamera lija loona patali m'mbali, lolembedwa 0.5, popeza limapinda mizere yowongoka kumapeto kwa chithunzi.

Kuika sikelo

Apa mpamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani kuti musapadumphe ngakhale dzuwa litakula. Mukamanga kamera, imikani galimoto pamalo osalala, anthu onse amene adzakweremo ali m'kati, chifukwa kulemera kwawo kumatsitsa galimoto ndi kusintha kutalika kwa kamera. Pansi pamene kamera ikuona jambulani ndi choko bokosi la makona anayi, ndipo muonetsetse kuti makona ake ndi owongoka potsata njira ya amisiri omanga nyumba ya 3, 4, 5. Ngati kamera ikuona malo aakulu, bokosilo likhale mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali, ndipo chingwe chochokera pakona ina kukafika pakona yopingasana nayo chikwane mamita 5 ndendende. Ngati yayang'ana pansi molunjika ndipo ikuona malo ochepa, gawani manambalawo pakati, akhale mamita 1.5, 2 ndi 2.5. Pakona iliyonse ikanipo chizindikiro chooneka bwino, ndipo pakati goneketsani tepi yoyezera yotambasula. Jambulani vidiyo ya masekondi 10.

Makona anayi amenewo ndiwo adzathandize kompyuta kuwongola chithunzi chilichonse kuti chioneke ngati mwachiyang'ana kuchokera kumwamba, pixel iliyonse ikuimira muyeso umodzi. Pulogalamu yaulere ya OpenCV imachita zimenezi ndi mizere yochepa ya malamulo, ndipo mnyamata aliyense amene anaphunzirako chilankhulo cha kompyuta cha Python angazikwanitse madzulo amodzi. Mukawongola, yezani tepi ija pachithunzi. Ngati mita imodzi ya tepi ikutuluka mita imodzi, kusiyana kwake kosapitirira sentimita imodzi, mwakhoza. Mukamaliza kuyenda tsiku limenelo, jambulaninso bokosi lomwelo galimoto itaima pamalo omwewo, ndipo ngati makona asuntha pachithunzi, dziwani kuti kamera inasuntha m'njira ndipo miyeso ya tsikulo ndi yokayikitsa. Ife tinapaka penti pansi pabwalo la tchalitchi, pamene pamaima matayala ndi pamene pali makona, kuti tizibwerera pomwepo nthawi zonse.

Liwiro, dzuwa ndi mthunzi

Galimoto yoyenda makilomita 20 pa ola imadutsa mamita 5.6 pa sekondi imodzi. Shutter ikatseguka kwa gawo limodzi la magawo 1000 a sekondi, msewu umakhala utasuntha mamilimita 5.6, ndipo mng'alu wopingasa wa mamilimita 3 umafufutika ngati inki yonyowa. Pa 1/2000 kusunthako ndi mamilimita 2.8, pa 1/4000 ndi mamilimita 1.4. Choncho muyende pakati pa makilomita 15 ndi 20 pa ola, shutter ikhale pa 1/2000 kapena mofulumirapo, ndipo dalaivala asunge liwiro limodzi osalowa uku ndi uku pozemba maenje, malinga ngati galimoto ingapirire. Akazemba, amene wakhala pambali pake anene mokweza kuti mawuwo alowe mu vidiyo, chifukwa mawu amenewo adzakuthandizani pa nthawi yowerenga.

Shutter yofulumira chotere imafuna kuwala kochuluka, ndipo kuno ku Harare kuwala sikusowa, vuto ndi mthunzi. Tsiku lina tinayesa njira yathu ku Avenues nthawi ya madzulo, mitengo ya jacaranda itachita maluwa, ndipo titafika pa kompyuta mithunzi ya nthambi inaoneka ndendende ngati ming'alu yolukana, maluwa ogwa pansi nawonso anaphimba m'mphepete monse. Kuyambira pamenepo timajambula pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, dzuwa lili pamutu, kapena tsiku la mitambo yopyapyala pamene mthunzi kulibe. Onetsetsaninso kuti mthunzi wa galimoto yanu kapena wa mkono wachitsulo uja sukugwera pakati pa chithunzi. Msewu ukhale wouma, pakuti madzi amabisa kuya kwa dzenje ndi kunyezimira ngati galasi. Pali nthawi imodzi yokha imene chinyezi chimathandiza, ndiyo pamene mvula yawaza pang'ono n'kukata, pamwamba pauma koma m'ming'alu mudakali monyowa. Pa ola limenelo ming'alu yonse imada bii ndipo ngakhale yopyapyala ngati tsitsi imaoneka. Ndi nthawi yabwino yophunzitsira maso a anyamata, koma musayerekeze zithunzi za tsiku lotere ndi za tsiku louma, chifukwa mudzaganiza kuti msewu wawonongeka kwambiri pamene kwangosintha nyengo.

Pa chaka timayeza kawiri, mu Sepitembala mvula isanayambe ndi mu Epulo kapena Meyi itatha. Muyeso wa Sepitembala umasonyeza ming'alu yoyenera kumatidwa msanga madzi asanalowe, paja akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo wa Epulo umasonyeza zimene dzinja lachita. Mwezi wa Okutobala foni imatentha padzuwa n'kuzima yokha, choncho muiikire kadenga ka katoni ndi kuipumitsa pakatha mphindi 10 zilizonse. Vidiyo ya 4K imatha kudya malo okwana 1 GB pa kilomita imodzi pa liwiro limeneli, ndiye konzekerani malo okwanira, ndipo mutchaje zonse usiku magetsi akadalipo. Lamulungu masana misewu ya m'malokeshoni imakhala yopepukirapo, ndipo galimoto yoyenda pang'onopang'ono iyatse ma hazard, munthu mmodzi akhale woyang'ana zakumbuyo basi.

Kudziwa malo

GPS ya mu foni imalakwitsa ndi mamita 3 mpaka 5, nthawi zina kuposerapo pansi pa mitengo kapena pakati pa nyumba zazitali. Ndi yokwanira kuika msewu pamapu, koma siingakuuzeni kuti dzenje la lero ndi lomwe lija la mu Sepitembala. Choncho timachita zimene oyeza misewu akhala akuchita kuyambira kale. Timasankha poyambira posasuntha, monga pakati pa mphambano kapena pa kalavati, timatcha pamenepo 0, ndipo timayenda ndi tepi yaitali kapena kawilo koyezera n'kumapaka kamzere ka penti yoyera m'mphepete mwa tala pa mamita 100 aliwonse, ndi nambala yake pambali. Timizere timeneti timaoneka mu vidiyo ndipo timagawa msewu m'zigawo zofanana. Foni yachiwiri imalemba njira ya GPS, ndipo mu pulogalamu yojambulira mapu ya QGIS timagwiritsa ntchito njira yolembera malo ya UTM zone 36 South, mmene muli Harare, kuti miyeso ituluke m'mamita.

Kuwerenga zithunzi

Vidiyo ya zithunzi 30 pa sekondi, pa makilomita 20 pa ola, imatenga chithunzi pa masentimita 18 kapena 19 aliwonse, zimene n'zochuluka kwambiri. Ndi pulogalamu ya FFmpeg tengani chithunzi chimodzi pa 10 zilizonse, ndiye kuti chimodzi pa mamita osakwana 2, ndipo muonetsetse kuti chithunzi chilichonse chikulumikizana pang'ono ndi chotsatira kuti pasakhale malo odumphidwa. Mukaziwongola, pakati pake dulanipo gawo losabwerezedwa, kuopa kuwerenga dzenje limodzi kawiri.

Pali njira ziwiri zowerengera, ndipo ine ndikulimbikitsa kuti muyambe ndi ya manja. Mu pulogalamu monga CVAT kapena ImageJ, munthu amazunguliza ndi mzere malo aliwonse owonongeka n'kuwapatsa dzina, ndipo popeza sikelo ndi yodziwika, kompyuta imapereka yokha kukula kwake. Ming'alu yoyenda payokha imayezedwa m'mamita a m'litali, ya chikopa cha ng'ona, zigamba ndi kuyoyoka kwa timiyala zimayezedwa m'masikweya mita, ndipo maenje amawerengedwa limodzilimodzi pamodzi ndi kukula kwa pakamwa pake. Chigawo cha mamita 100 cha mbali imodzi ya msewu, ngati m'lifupi ndi mamita 3.5, chili ndi masikweya mita 350, choncho mukapeza masikweya mita 35 a ming'alu yolukana mumalemba kuti magawo 10 pa 100 a chigawocho ang'aluka. Ntchitoyi ndi yotopetsa maso, kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndiyo imaphunzitsa munthu kusiyanitsa mng'alu ndi mzere wa oilo wodontha m'galimoto.

Njira yachiwiri ndi yophunzitsa kompyuta kuti izizindikira yokha. Ofufuza a ku University of Tokyo ndi anzawo anasonkhanitsa zithunzi zambiri za misewu yowonongeka, zotchedwa RDD2022, zochokera ku Japan, India, Czech Republic, Norway, America ndi China, zokhala ndi magulu anayi: ming'alu yotsata msewu, yopingasa, yolukana ndi maenje. Mapulogalamu ozindikira zinthu pa zithunzi a mtundu wa YOLO ophunzitsidwa ndi zithunzi zimenezi amapezeka mosavuta. Koma taonani mayiko amenewo, palibe la mu Africa, ndipo zithunzi zake zambiri zinatengedwa kamera itayang'ana kutsogolo. Kompyuta yophunzira kumeneko sidziwa dothi lofiira limene mvula imakokolera pa tala, sidziwa dzenje limene anyamata a pamsewu alikwirira ndi njerwa ndi dothi, limene imatha kulitenga ngati chigamba kapena kulidumpha kumene, ndiponso sidziwa pamene tala watheratu pangotsala dothi. Pamenepa imanena kuti palibe mng'alu, ndipo ikunena zoona, chifukwa chong'aluka palibenso. Zithunzi zimene munazunguliza ndi manja zija ndizo mudzaiphunzitsire kuti izolowere misewu yathu, ndipo ngakhale itazolowera, munthu azionabe zimene yapeza.

Zimene chithunzi chimodzi sichingaone

Kamera imodzi yoyang'ana pansi siidziwa kuya. Dzenje la masentimita 2 ndi la masentimita 10 amatha kuoneka ofanana, ndipo tizigwa timene matayala amasiya motsata msewu sitioneka n'komwe. Apa kuthyola ndiwo n'kuwerama. Tengani chitsulo chowongoka cha mamita 2, chigonekeni mopingasa pamene pamadutsa tayala, ndipo yezani ndi rula mpata wa pakati pa chitsulocho ndi tala. Malinga ndi ASTM D6433, kachigwa ka mamilimita 6 mpaka 13 n'kakang'ono, ka 13 mpaka 25 n'kapakati, koposa 25 n'kakakulu. Pa maenje, muyezo womwewo umayang'ana kuya pamodzi ndi kukula kwa pakamwa, ndipo malire a kuya ndi mamilimita 25 ndi 50. Chitani zimenezi kamodzi kapena kawiri m'chigawo chilichonse, mutavala zovala zonyezimira, mnzanu ataima patsogolo ndi mbendera yofiira.

Ngati mukufuna kudziwa kuchuluka kwa zokwirira dzenje lalikulu, kamera ingathandizebe, koma ndi zithunzi zambiri. Sesani m'dzenjemo, ikani rula kapena kathabwa ka muyeso wodziwika pambali, ndipo muzungulire dzenjelo mukujambula zithunzi 30 kapena 40, chilichonse chikubwereza magawo atatu mwa anayi a chinzake, zina mutaimirira, zina mutanjuta. Mapulogalamu aulere monga Meshroom kapena WebODM amalumikiza zithunzizo n'kupanga chifaniziro cha dzenjelo chokhala ndi kuya, ndipo CloudCompare imawerengera kukula kwa m'kati mwake. Kumbukirani kuti okonza msewu samangothira phula m'dzenje mmene lilili, amayamba adula mbali zake kukhala bokosi mpaka pamene tala ndi wolimba. Chigamba cha mita imodzi m'litali, masentimita 80 m'lifupi ndi masentimita 5 kuya chimadya ma cubic metre 0.04 (cubic metre imodzi ndi bokosi la mita imodzi mbali zonse), ndipo popeza phula losakaniza ndi miyala lotsindiridwa limalemera pafupifupi matani 2.3 mpaka 2.4 pa cubic metre, pamafunika makilogalamu oposa pang'ono 90. Nambala yotere ndi imene wolemba bajeti amaigwiritsa ntchito tsiku lomwelo.

Kugwedeza kwa msewu, kumene mainjiniya amayeza ndi nambala ya IRI imene World Bank inakhazikitsa mu 1986 m'mamita pa kilomita, si ntchito ya kamera, ndipo musalembe nambala imeneyo mu lipoti lanu ngati simunaiyeze ndi chipangizo chake.

Mukamaliza kuwerenga, sankhani chigawo chimodzi pa 10 zilizonse n'kubwererako wapansi ndi tepi ndi kope, ndipo amene akupita asaone kaye zimene kompyuta yapeza. Ife titachita zimenezi tinapeza kuti pa maenje ndi zigamba kamera ndi tepi zimagwirizana bwino, koma pa kuyoyoka kwa timiyala maso a munthu woima pamsewu amaona zambiri. Kusiyana kotere kulembedwe poyera mu lipoti. Ndi bwinonso kuti anthu awiri awerenge chigawo chimodzi aliyense payekha, ndipo akasiyana akhale pansi agwirizane tanthauzo la vuto lililonse asanapitirize.

Za malamulo ndi ulemu

Musanayambe, dziwitsani khansala wa dera lanu ndi apolisi a pafupi, makamaka popeza mudzapaka penti m'mphepete mwa msewu, ndipo muyende ndi kalata yofotokoza zimene mukuchita. Musajambule pafupi ndi State House, malo a asilikali kapena malo ena otetezedwa. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 limateteza zinsinsi za anthu, choncho nkhope kapena nambala ya galimoto ikalowa m'chithunzi, ifufuteni musanapereke kwa wina aliyense. Ena amafunsa za drone. Kuno ma drone amayang'aniridwa ndi Civil Aviation Authority of Zimbabwe pansi pa Statutory Instrument 271 ya 2018 ndipo pamafunika chilolezo, komanso kuchokera m'mwamba ming'alu yaing'ono siioneka pokhapokha mutauluka motsika kwambiri pakati pa mawaya a magetsi, choncho pa misewu ya m'lokeshoni pikapu ndiyo yabwino. Anthu a m'makomo adzakufunsani zimene mukuchita, ndipo muziima n'kuwayankha mwaulemu, pakuti amayi amene amagulitsa tomato pamphambano ndiwo amadziwa pamene madzi amadikha mvula ikagwa, pamene ngalande inatsekeka ndi pamene paipi imaphulika kawirikawiri. Zimenezo zilembedwe pambali pa chigawo chake, popeza kumata tala pamwamba pa malo amene madzi akudutsabe pansi n'kutaya phula.

Lipoti lenilenilo likhale lalifupi. Mzere uliwonse ukhale chigawo chimodzi cha mamita 100, ndi dzina la msewu, poyambira ndi pothera, tsiku, mamita a ming'alu, masikweya mita a ming'alu yolukana ndi zigamba, chiwerengero cha maenje, kuya kwa tizigwa ndi mawu a za madzi. Pamapu a QGIS zigawozo zipakidwe mitundu itatu: zofunika kungomata ming'alu ndi kuyala chikhungu chatsopano, zofunika zigamba, ndi zofunika kumangidwanso kuyambira pansi. Musaike patsogolo zigawo zotheratu zokha, ngakhale kuti ndizo zimapweteka mtima, chifukwa chigawo chimene changoyamba kung'aluka chingapulumutsidwe ndi ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi kumanganso, ndipo chikasiyidwa dzinja limodzi kapena awiri chidzalowa m'gulu la zotheratu. Kumapeto kwa lipoti lembani mtundu wa foni, kutalika kwa kamera kuchokera pansi, liwiro la shutter, liwiro la galimoto ndi ola limene munajambula, ndipo vidiyo zonse pamodzi ndi ya bokosi la choko lija zisungidwe m'malo awiri osiyana. Bambo a ku Dedza aja ndiwo amasunga mkono wachitsulo ndi mabawuti ake kunyumba kwawo, ndipo pa kaliyala wa pikapu tinalembapo ndi penti pamene bawuti iliyonse imalowa, kuti mu Epulo kamera idzakhale pa msinkhu womwewo umene inali mu Sepitembala.